Bokosi la a Waya

Dzina lawo lenileni linkadziwika kuchipatala kokha. Mu msewu wonse ankangoti a Waya, ndipo akazi awo anasanduka Mayi Waya popanda wowafunsa ngati akulifuna dzinalo. Bamboyo anakalambira m'siling'i za anthu, kukoka mawaya, kumangirira masoketi, kutsika ali mbuu ndi fumbi. Anthu ankati magetsi akazima, uyambe wasuzumira kwa a Waya. Ngati kwawonso kuli mdima, pamenepo ndiye ukhoza kutukwana kampani.

Sitiroko inawapeza m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo mwa mawu onse amene munthu wolongolola uja anali nawo munatsala atatu okha: "ayi", "iwe", ndi lina lotukwana limene ali bwino sanalitchulepo ngakhale atadzimenya ndi hamala.

Anabwerera kunyumba pa njinga ya olumala. Njingayo inakana kulowa pakhomo la kuchipinda, ndipo kubafa kunali masitepe. Mayi Waya anasamutsira bedi pabalaza, n'kumawasambitsira pomwepo ndi beseni, makatani atatseka. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito mumzinda wina, atabwera pa tchuthi anapeza mayi ake akukoka munthu wamkulu ngati thumba la simenti, msana utawapindika.

"Amayi, mufa inu musanafe bambo," anatero. "Timange chipinda kuseri, chokhala ndi bafa lake, khomo lalikulu, opanda masitepe."

Anamangadi. Makoma anakwera, denga linafoleredwa, m'nyumba monse munadzaza mchenga wolowa mpaka m'shuga. Kunatsala magetsi: mababu, masoketi, ndi giza yoti madzi osamba azituluka otentha kumpopi. Womanga uja anati bokosi lakale la magetsi silingasenze zonsezo, pafunika mmisiri aliwone.

Mwanayo atabweranso kudzaona ntchito, anabwera ndi mmisiri wamkazi, mayi wa msinkhu wake womwewo, wovala ovolosi yotuwa m'mawondo, wosachulutsa mawu. Mayi Waya atamuona anayang'ana amuna awo. Bokosi lija linali pamwamba pa khomo la kukhitchini, moyang'anizana ndi pamene a Waya ankakhala tsiku lonse. Analiika okha nyumbayo ili yatsopano, ndipo chiikireni palibe dzanja lina linalikhudzapo. Ngakhale kulipukuta fumbi ankakaniza.

Mmisiriyo anawerama pang'ono kutsogolo kwa njinga ija.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mbiri yanu ndinaimva kalekale. Amene anandiphunzitsa ntchito ankati mukaona mawaya oyalidwa ngati tsitsi loluka, mudziwe kuti padutsa a Waya."

A Waya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zazitsulo kutsogolo.

"Ayi," anatero.

"Musadandaule, achemwali," Mayi Waya anafulumira kunena. "Amatero kwa aliyense. Ngakhale adokotala."

Mmisiri anaimika makwerero, anazimitsa magetsi, n'kumasula chivundikiro cha bokosi. Munatuluka kafungo ka pulasitiki wopserera, kamene Mayi Waya anakhala akukamva kwa miyezi n'kumaganiza kuti ndi mapoto. Mmisiriyo anaunika ndi tochi, kenako anabwezera chivundikiro ndi kutsika.

"Mayi, tiyeni mukandionetse pamene pakhale giza."

Atafika m'chipinda chatsopano, momwe munkanunkhabe simenti yaiwisi, sanayang'ane n'komwe ku bafa.

"Ndani wagwira bokosi lija posachedwa?"

"Palibe. Ndi bambo okha."

"Ndinaganiza choncho. Kapindidwe ka mawaya ndi ka dzanja limodzi." Anapukuta manja pa ovolosi. "Ntchito yakale ndi yokongola, mayi, sindikunama. Koma muli ntchito ina ya posachedwa. Pamene payenera kukhala fyuzi ya mbaula yamagetsi pali msomali. Fyuzi ndi kawaya kofooka dala, koti kaduke moto usanayambe. Msomali suduka. Waya wopita m'nthaka, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, angomusiya ali lende. Thabwa la kumbuyo kwa bokosi lasanduka khala. Simunapse chifukwa cha mwayi basi."

Mayi Waya anakhala pansi pa ndowa ya penti yovundikira. Anakumbukira zaka zomaliza zija sitiroko isanabwere. Pulayazi anaipeza m'firiji. Tsiku lina bamboyo anabwerera kunyumba ina kukagwira ntchito imene anali ataimaliza dzulo lake. Tiyi ankatayikira m'mbale chifukwa cha manja onjenjemera. Onse ankangoseka, amvekere ndi ukalamba, ndipo a Waya ankaseka kuposa onse. Adokotala anadzanena pambuyo pake kuti mwina panali timasitiroko ting'onoting'ono m'mbuyomo, koma pa nthawiyo Mayi Waya ankaganiza za pakamwa popotoka paja, sanamvetsere.

"Nthawi imeneyo ankagwirabe ntchito kwa anthu?" mmisiri anafunsa.

"Kutali anali atasiya. Mu msewu muno mokha, kwa anzathu."

Mmisiri anayang'ana pawindo lopanda galasi. Panja ana ankathamangitsa tayala.

"Ine si wapolisi, mayi. Ndabwerera bokosi lanu. Koma mukafuna kuti ndikayang'ane kwa anzanuwo, ndikayang'ana."

Anabweranso patapita masiku ochepa ndi bokosi latsopano, loyera, lokhala ndi timaswitchi tondandalika timene timadzizimitsa tokha pakalakwika. Mayi Waya anafuna kuwatulutsa amuna awo akakhale pakhonde, koma bamboyo anaponda pansi ndi mwendo wabwino uja, njinga osasuntha. Anaonerera zonse. Anaona mawaya awo akumasulidwa mmodzimmodzi, kuikidwa tizizindikiro, kupachikika m'malere. Pamene mmisiri anayamba kumasula zomangira bokosi kukhoma, a Waya anapalasa pansi ndi mwendo umodziwo, njinga inatsetsereka, n'kukagunda makwerero, gu! Liwu lotukwana lija linamveka mpaka kumsewu.

"Bambo!" mwana wawo anakuwa kuchokera kukhitchini. "Mupha munthu!"

Mmisiri anagwiririra khoma mpaka makwerero atasiya kugwedera. Sanakalipe. Anamaliza kumasula, anatsika ndi bokosilo, n'kuliika pamiyendo pa a Waya, mbali ya kumbuyo ili m'mwamba.

"Ndi lanu, bambo. Onani nokha."

Mayi Waya anafuna kulilanda, koma anachedwa. A Waya anayendetsa chala cha kumanzere pa pulasitiki wosungunuka uja, analitembenuza movutikira, n'kukhudza msomali. Anautokosa ndi chikhadabo. Mbali ya nkhope imene inatsala yamoyo inayamba kunjenjemera. Mayiyo anakhala ndi munthuyu moyo wawo wonse, ndipo anadziwa kuti amvetsa zonse, za nyumba yawo ndi za nyumba zinazo.

Bamboyo anakweza maso.

"Iwe," anatero, chala chitaloza akazi awo. Kenako analoza pakhomo la kunja, kumene kunali msewu, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. "Ayi."

Madzulo ake magetsi anayaka, giza inayamba kulira mwakachetechete, ndipo mayi ndi mwana anakangana kukhitchini motsitsa mawu.

"Zisiyeni, amayi. Aliyense ali ndi nyumba yake. Akaona vuto aitana mmisiri."

"Ife tinaliona vutolo?"

"Ndiye mukawavule bambo pamsewu? Atsala ndi chiyani munthu uja? Mwendo palibe, pakamwa palibe. Chatsala ndi dzina lokha, ndipo inu mukufuna mulitenge mukalitaye m'ngalande."

"Kwa atelala kumagona zidzukulu zawo m'chipinda cha makina."

"Mawaya a bambo akhala zaka zonsezi osawotcha munthu."

"Iwe mawa ukukwera basi," mayiyo anatero. "Ine ndiye nditsale ndikuyang'ana madenga a anthu."

Mwanayo anapitadi, atapsa mtima, osatsanzika bwinobwino. Mayi Waya anapirira mlungu umodzi. Akamayanika zovala maso ankathamangira ku nyumba ya atelala. Akamva fungo la zinyalala zotenthedwa, ankatuluka kukaona kumene utsi ukuchokera. Tsiku lina masana, amuna awo atagona, anavala nsapato zawo zakutchalitchi ngati akupita kukapepesa maliro, n'kuyamba kugogoda.

Atelala anali mayi wamasiye, mnzawo wa zaka zambiri. Anawalandira ali ndi mapini pakamwa.

"Mayi Waya! Lero mvula igwa. Odwala ali bwanji?"

Mawu amene Mayi Waya anawakonza m'njira onse anabalalika. Anangoti, "Anzanga, ntchito imene bambo anakugwirirani chaka chatha chija, ya masoketi a makina, ndikupempha muilole ionedwenso. Mutu wawo sunali bwino nthawi imeneyo. Ife sitinkadziwa."

Atelala anaseka, mapini n'kugwa.

"A Waya? Ndiye kuti dzuwa nalonso tiliyang'anenso ngati analikhoma bwino."

Koma analola. Mmisiri uja atabwera anasuntha shelefu ya nsalu, ndipo khoma la kumbuyo kwake linali lakuda ngati kunsi kwa poto. Soketi inagumuka m'manja mwake. Mphasa ya ana inali yopindidwa pansi pa shelefu yomweyo. Atelala anayang'ana khomalo, anayang'ana mphasa, kenako anayang'ana mnzawo, ndipo kuseka konse kunali kutatha.

"Akanandiotchera ana," anatero. "Ana a mwana wanga."

Dzuwa lisanalowe msewu wonse unali utamva. Atelala sanachite mwankhanza. Mantha ndiwo anawatsegula pakamwa, ndipo aliyense wobwera kudzayesa diresi ankapita naye kukamuonetsa khomalo. Izi zinawafupikitsira ntchito Mayi Waya, pakuti nyumba zina ankapeza anthu akudziwa kale. Kwa aphunzitsi opuma ntchito mmisiri anapeza zonse zili bwino, ndipo mkuluyo anawagwira dzanja mayiyo ndi manja awiri. Kwina anapeza waya mmodzi wosinthanitsidwa. Kwina sanatsegule n'komwe chitseko, katani yokha inagwedera.

Abutcha, amene anali ndi mafiriji a nyama m'kachipinda kophatikiza ku nyumba yawo, anawalandirira pageti.

"Bokosi langa anaika ndi mnzanga, ndipo silinandilakwirepo," anatero, akupukuta mpeni pa epuloni. "Munthu akagwa m'pamene mumadziwa amene amagona naye. Mwamuna wanu sangathe kudziyankhira, inu n'kumayenda khomo ndi khomo kumupezera ntchito mtsikana wanu wa ovolosiyo. Amakugawirani?"

"Alamu, kungoyang'ana kokha."

"Kayang'aneni odwala kwanu."

Lamlungu lotsatira abutchawo anabwera kudzazonda mnzawo. Mayi Waya anali kukhitchini kuwiritsa madzi a tiyi, ndipo anamva zonse, chifukwa munthuyo sankadziwa kunong'ona.

"Ine ndawauza, achimwene, kuti zamkutu. Ati munapenga kale, ati munkaika misomali m'mabokosi mwa anthu. Msewu wonse awuyenda akazi anu. Ine ndati pa geti langa ayi."

Mayi Waya atalowa ndi thireyi, a Waya anali atatembenuzira nkhope kukhoma. Mlendo anamwa tiyi wake yense, n'kupita akudziona ngati wachita zaubwenzi.

Kuyambira tsiku limenelo bamboyo anasiya kudya za m'dzanja la akazi awo. Supuni ikayandikira ankaluma mano. Mayiyo anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anayesa kufotokoza za khoma lakuda ndi mphasa ya ana. Zonse zinkangogwera pa khutu lotembenuzidwa. Pomaliza anayamba kusiya mbale pa kathebulo n'kutuluka. Ali m'kolido ankamva supuni ikugogoda mbale, kugwa pansi, kenako chete wautali. Akabwerera ankapeza chakudya china pachifuwa, china pansi, chochepa chokha chitafika kumene chimayenera kupita. Munthuyo anayamba kutha. Kolala ya malaya inkazungulira khosi ngati ya wina.

Chipinda chitauma penti anawasamutsiramo. Chinali chipinda chabwino. Njinga inkalowa popanda kukhula mphuthu za khomo, madzi ankatuluka otentha, windo linali lalikulu, loyang'ana kumsewu. Mayi Waya ankawasambitsa atakhala pa mpando wapulasitiki, kuwapaka sopo kumsana ndi m'khwapa, ndipo bamboyo ankayang'ana matayilosi ngati akusambitsidwa ndi munthu waganyu. Mwana wawo ankaimba foni Loweruka lililonse, n'kupempha kuti foniyo aiike pa khutu la bambo ake. Kwa mayi ake ankangofunsa za mankhwala.

Moto unabuka kwa abutcha masana a tsiku lotentha, bamboyo atapita kukagula ng'ombe. Mayi Waya anali kusita zovala pamene anamva anthu akukuwa. Anathamangira kuchipinda chatsopano ndipo anapeza amuna awo ali kale pawindo. Anali atadzikoka okha mpaka pamenepo. Utsi wakuda unkatuluka pansi pa malata a kachipinda ka mafiriji. Anthu ankathamanga ndi ndowa, ena n'kumakuwa kuti asathire madzi magetsi asanazimitsidwe. Fungo la nyama yopserera linadzaza msewu. Akazi a abutcha analowa kukatulutsa chikwama cha mapepala a nyumba, ndipo anatuluka manja onse awiri atasupuka mpaka m'zigongono. Galimoto yozimitsa moto inafika theka la nyumba litapita.

A Waya sanachoke pawindopo mpaka utsi utasanduka woyera. Mayiyo anaima kumbuyo kwawo, manja ali pa zogwirira za njinga, osadziwa ngati awabweze kapena awasiye. 

Chimene chinayambitsa motowo palibe anachidziwa bwinobwino. Ozimitsa moto anati pamene panali bokosi panapsa kwambiri moti sipangaonekenso kanthu. Mmisiri uja, atafunsidwa ndi Mayi Waya, anati firiji yakale nayo imatha kuyaka yokha, ndipo sangalumbire pa chinthu chimene sanachione. Koma msewu sudikira umboni. Amene ankati mayiyo akunyoza mwamuna wake anayamba kunena kuti anadziwa kalekale n'kukhala chete. Abutcha anabwera pa geti maso ali psuu, osavala epuloni.

"Munkadziwa," anatero. "Mukanalimbikira. Mukanabweranso kachiwiri. Mkazi wanga sangathe ngakhale kudzimwetsa madzi."

Mayi Waya sanawakumbutse mawu awo a tsiku lija. Anaganizira za manja a akazi a abutchawo, amene ankakanda ufa wa mabanzi.

"Pepani, alamu," anatero.

"Pepani wanu ndikamange naye nyumba?"

Mayi Waya anayamba kukagula zinthu ku msika wa kutali, kudzera njira ya kuseri. Moni anachepa. Mpira wa ana ukagwera m'mpanda mwawo unkagona momwemo mpaka iwo auponyere kunja. Dzina la a Waya linkamvekabe, koma mwa njira ina: babu likaphethira m'nyumba ya wina, ankati, "Kodi muno munadutsa a Waya?" ndipo anthu ankaseka.

Mvula itayamba, m'mawa wina kunamveka kugogoda. Anali atelala, ambulera kudzanja, kaphukusi m'khwapa. Sanalankhulane chiyambire tsiku la khoma lakuda lija.

"Lowani, anzanga, mukunyowa."

"Ayi, ndasiya makina ali choyaka." Anapereka phukusilo. "Ndinawaona pawindo tsiku lina akulimbana ndi mabatani. Awa ndi malaya omata, opanda mabatani. Dzanja limodzi likwanira. Ndasoka moyerekeza, ndaona kuti aonda."

Mayi Waya anafuna kunena zambiri, koma atelala anali atatembenuka kale, akulumpha zithaphwi.

Mayi Waya anapita nawo malayawo kuchipinda. Anali a nsalu yochindikala, yabuluu, okhala ndi thumba pachifuwa mbali ya kumanja, kuti dzanja lamanzere lizifika. Anawavula amuna awo akale aja, analowetsa kaye mkono wakufa, kenako wamoyo, n'kuwasiya osamata.

"Asoka ndi atelala," anatero.

A Waya anayang'ana pachifuwa pawo nthawi yaitali. Kenako anagwira mbali imodzi, anaikokera pa inzake, n'kudinikiza. Inamata mokhota. Anamatula, anayesanso, inakhotanso. Mayiyo anatambasula dzanja kuti awongole, koma bamboyo analikankha ndi chigongono, osawayang'ana.

Mayi Waya anatola malaya akale pansi n'kupita kukawaviika.